TINYUMBA TA M'MBALI MWA MADZI: BANJA LA CHISILAMU LINGAKAPUMULE BWANJI KU KAZUNI NDI KU NYIKA?



Akuluakulu athu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma tikayang'ana mabanja athu a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Kaporo, pa boma la Karonga, ku Ngara mpaka ku Chilumba, tipeza kuti maulendo athu ndi a mitundu itatu yokha: wa kumaliro, wa kuchipatala ndi wokapikula katundu ku Kyela. Ulendo wongoti bambo, mayi ndi ana akapumule pamodzi masiku awiri kapena atatu timauona ngati wa azungu, kapena wa anthu amene ndalama zawasowetsa mtendere.

Zotsatira zake tikuziona m'madrasa mwathu. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amaloweza Surat Al-Fil, nkhani ya Abraha ndi njovu zake amaifotokoza bwino lomwe, koma njovu yeniyeni sadaionepo. Chonsecho mlendo amachoka ku Germany, kulipira ndege, kuti adzaone njovu zimene zili ulendo wa tsiku limodzi kuchokera pakhomo pathu. Mapiri aja timawaona kuzambwe tikaima pa Chilumba ndiwo chiyambi cha Nyika, ndipo gawo lina la nkhalangoyi lili m'boma lathu lomwe lino la Karonga.

Makolo ambiri akafunsidwa chifukwa chimene sapitira, amatchula zinthu ziwiri: ndalama ndi chipembedzo. Amati kumalo otere kuli mowa, kuli nyama yosazinga, kuli anthu osavala bwino, ndipo Swala ingatayike. Mantha amenewa ndi oona ndipo sitiyenera kuwaseka. Komabe banja limene lachita lendi kanyumba kakekake, lodziphikira lokha, lingathe kupewa zonsezi ngati lakonzekera bwino.

Kodi Chisilamu chikutinji pa ulendo wotere?

Mu Surat Al-Ankabut, ndime 20, Allah Subhanahu wa Ta'ala akutilamula kuyenda pa dziko ndi kupenyetsetsa mmene adayambitsira chilengedwe. Mu Surat Al-Ghashiya, ndime 17 mpaka 20, akutiuza kuti tilingalire za ngamira, thambo, mapiri ndi nthaka. Tsiku lina Hanzala (R.A.) adadandaula kwa Mtumiki Muhammad (S.A.W.) kuti akakhala ndi mkazi ndi ana mtima wake sukhala pa Allah monga ukhalira pamene ali pamaso pa Mtumiki. Iye adamukhazika mtima pansi pomuuza kuti chilichonse chili ndi nthawi yake. Choncho kusangalatsa banja m'njira ya halali si kutaya nthawi. Chachikulu ndi niya, ndiponso kuti ulendowo usatigwetse m'zoletsedwa.

Ngakhale kupatula malo kuti asalimidwe kapena kusakidwa si chinthu chachilendo kwa ife. Mtumiki (S.A.W.) adapatula dera la An-Naqi' pafupi ndi Madina kuti likhale lotetezedwa, ndipo Khalifa Umar (R.A.) adachita chimodzimodzi ku Ar-Rabadha. Malo otere m'mabuku a fiqhi amatchedwa hima. Tikamalowa m'nkhalango ya boma tisadzione ngati alendo pa mwambo wa eni.

Malo ake ndi ati?

Paki ya boma imene ili pa Nyanja ya Malawi penipeni ndi Lake Malawi National Park, ku Cape Maclear m'boma la Mangochi. Idakhazikitsidwa m'chaka cha 1980 pofuna kuteteza nsomba za mbuna, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika m'kaundula wa malo ofunika kwambiri pa dziko lonse. Kwa abale athu a ku Mangochi ndi ku Salima amenewo ndi malo a pafupi. Kwa ife a kumpoto ulendo wake ndi wautali ndi wodula, motero tiyang'ane malo awiri amene tayandikana nawo.

Oyamba ndi Kazuni, m'nkhalango ya Vwaza Marsh. Nkhalangoyi ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,000 ndipo ili m'malire ndi dziko la Zambia. Chipata cha Kazuni chili kuzambwe kwa Rumphi, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa galimoto msewu ukakhala wouma. Pomwepo pali nyanja yaing'ono ya Kazuni, pafupi ndi mtsinje wa South Rukuru, ndipo tinyumba ta alendo tofolera udzu tidamangidwa moyang'ana madziwo. Ubwino wa malowa ndi wakuti simusowa kuthamangitsana ndi nyama. Mumangokhala pakhonde, nyama n'kumabwera zokha. Mvuu zimakhala m'madzimo chaka chonse, ndipo m'chilimwe, makamaka kuyambira August mpaka October pamene madambo ena aphwa, njovu, njati, nswala ndi ngoma zimatsikira pomwepo kudzamwa.

Achiwiri ndi Chelinda, pamwamba pa Nyika. Iyi ndiyo paki yakale kwambiri ndi yaikulu koposa m'Malawi muno. Idakhazikitsidwa mu 1965, idakulitsidwa mu 1978, ndipo kukula kwake kumaposa masikweya kilomita 3,000. Ku Chelinda kuli tinyumba tokhala ndi zipinda zogona, khitchini ndi poyatsira moto, pafupi ndi damu limene muli nsomba zotchedwa trout zomwe zidabwera ndi azungu. Dera lake ndi lokwera kuposa mamita 2,000, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600. Munthu wozolowera kutentha kwa Karonga akafika kumeneko amadabwa. Zitunda za udzu zimangotsatizana mpaka pamene maso alekezera, mbidzi, ntchefu, chilembwe ndi mphoyo zikudya poyera. Mitundu ya mbalame imaposa 400. Mu 2017 njovu 34 zidasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku Nyika. M'chaka cha 2023 boma la Malawi lidasainirana pangano la zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation loti aziyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza.

Njira yodziwika yopitira kuwiri konseku ndi msewu wa M1, kudutsa Chilumba ndi Chitimba, kukwera phiri la Chiweta, kenaka kukhotera ku Rumphi. Kuchokera ku Rumphi wopita ku Chelinda amadzera ku Bolero ndi kulowera pa chipata cha Thazima, ndipo mtunda wonse kuchokera ku Rumphi umaposa makilomita 100. M'kati mwa paki msewu ndi wafumbi, wofuna galimoto yolimba ndi yokwera, makamaka nthawi ya dzinja. Mafuta thirirani ku Rumphi okwanira kupita ndi kubwera, ndipo nyamukani m'mamawa chifukwa zipata zimatsekedwa cha m'ma 6 koloko madzulo.

Amene sangakwanitse ulendo umenewu asataye mtima. M'mphepete mwa nyanja yathu, ku Chilumba, ku Ngara ndi pa boma, muli tinyumba ta alendo ta anthu wamba, ndipo malangizo ali m'munsiwa akugwiranso ntchito kumeneko. Ana mungathe kuwaonetsa Cultural and Museum Centre Karonga, nyumba imene idatsegulidwa mu 2004, mmene muli chigoba cha chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus, chomwe mafupa ake adafukulidwa m'boma lathu lino.

Lendi ndi pangano

Ambiri timaganiza kuti malamulo a malonda m'Chisilamu amathera pa sitolo ndi pa msika. Kugona m'kanyumba kolipira ndi pangano lotchedwa ijara, ndipo Surat Al-Ma'ida imayamba ndi lamulo lakuti okhulupirira akwaniritse mapangano. Kuti ijara ikhale yolondola, zinthu zitatu ziyenera kudziwika bwino mbali zonse ziwiri zisanagwirizane: chimene mukubwereka, nthawi yake ndi mtengo wake.

Tsono funsani musananyamuke, pakuti safunsa adadya phula. Kodi mtengowo ndi wa kanyumba konse kapena wa munthu mmodzi? Ana amalipira kuyambira zaka zingati? Muli mabedi angati, ndipo zofunda ndi maneti zilimo? Nkhuni ndi madzi zili mu mtengo womwewo? Chimbudzi ndi bafa zili m'kati kapena n'zogwiritsa ntchito ndi alendo ena? Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri kwa amayi ndi atsikana athu. Dziwaninso kuti ndalama yolowera m'paki, ya munthu aliyense pa tsiku ndi ya galimoto, imakhala yapadera, yosiyana ndi ya kanyumba. Oyendetsa malo ogona m'mapaki amasinthasintha ndipo tinyumba tina timatsekedwa pokonzedwa, choncho tsimikizani kudzera ku ofesi ya Dipatimenti yoona za mapaki ndi nyama zakutchire kuti malowo ndi otsegula pa masiku anuwo.

Nkhani imene imavutitsa ambiri ndi ya ndalama yoperekeratu yosungitsira malo, imene ma ulama amaitcha arbun. Kodi mukalephera kupita, mwini malo ali ndi ufulu woidya? Ma Imam ambiri akale, kuphatikizapo Imam Shafi'i amene ambiri mwa ife timatsata, sadavomereze pangano lotere. Imam Ahmad bin Hanbal adalivomereza. Bungwe la akatswiri a fiqhi la mayiko a Chisilamu, pa msonkhano wake wa ku Brunei m'chaka cha 1993, lidagamula kuti arbun ndi yololedwa pa malonda ndi pa lendi ngati nthawi yodikira yatchulidwa. Chifukwa chake n'chomveka: mwini kanyumba adabweza alendo ena pokusungirani inu. Chofunika n'chakuti mumve lamulo lawo la kubweza ndalama musanapereke, ndipo likhale lolembedwa. Ngati mukutumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, tsimikizani kuti nambalayo ndi ya ofesi, osati ya munthu amene mwangomupeza pa Facebook, ndipo sungani uthenga wa pafoni ndi lisiti.

Kanyumbako kakakhala m'manja mwanu ndi amana. Lamulo la fiqhi ndi lakuti chinthu chikaonongeka chokha popanda kusasamala kwanu, monga mpando wofumbwa kale kuthyoka, mlandu si wanu. Koma mwana akaswa zenera ndi mpira, kapena bulangete likapsa chifukwa mudaliyanika pamoto, nenani ndi kulipira, ngakhale woyang'anira asanaone. Musalembetse anthu asanu pamene muli asanu ndi atatu. Nzika za Malawi zimalipira ndalama yochepa yolowera m'paki poyerekeza ndi alendo akunja, n'chifukwa chake muyenera kutenga chiphaso chanu cha unzika. Koma ngati mwatsagana ndi amalume a ku Mbeya kapena msuweni wa ku Kyela, musawauze kuti akhale chete pa chipata kuti aoneke ngati Amalawi. Ndalama yopulumutsidwa mwa bodza ilibe baraka, ndipo ana amene ali kumbuyo kwa galimoto akuphunzira.

Mphika wanu, ndiwo zanu

Ubwino waukulu wa kanyumba kodziphikira wagona apa. M'nkhalango mulibe msika, ndiye chilichonse chichokere kwanu kapena ku Rumphi: ufa, mpunga wathu wa Kilombero, nyemba, usipa wouma, mafuta, mchere, shuga, tiyi, anyezi ndi matimati. Nkhuku izingidwire kunyumba ndi kukazingidwa bwino kuti isaonongeke m'njira. Nyama ya ng'ombe yochokera ku butchala ya Asilamu mungathe kuiwamba kapena kuifutsa. Amene amakonda mbalagha anyamule nthochi zake.

Miphika ya m'tinyumba timeneti yaphikiridwa ndi alendo a mitundu yonse. Malinga ndi madhhab a Imam Shafi'i, chiwiya chimene chakhudzidwa ndi nkhumba chimayera pochitsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi madzi osakaniza dothi. Simukulamulidwa kukayikira chiwiya chilichonse popanda umboni, koma kuti mtima ukhale m'malo, nyamulani mapoto awiri, chiwaya, mthiko ndi mpeni zanu. Malo ena amapereka wophika. Muuzeni mwaulemu kuti agwiritse ntchito ziwiya ndi mafuta anu okha, ndipo pochoka mumuthokoze ndi kangachepe. Ngati pamalopo pali bala, pemphani kanyumba kotalikirana nalo. Pempho lotere silidabwitsa aliyense.

Swala ya pa ulendo

Allah adatipeputsira, monga tikuwerengera mu Surat An-Nisa, ndime 101. Ulendo ukakwana pafupifupi makilomita 81, ndi kololedwa kufupikitsa Dhuhr, Asr ndi Isha kukhala maraka awiri awiri, pamene Subh ndi Maghrib sizisintha. Ndi kololedwanso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, komanso Maghrib ndi Isha. Wochokera ku Karonga kupita ku Kazuni kapena ku Chelinda wapitirira mtunda umenewu kutalitali. Koma wochoka pa boma kukagona ku Ngara sadaukwanitse, ndipo aswali mokwanira. Ngati mwatsimikiza kukhala pamalo masiku anayi athunthu, osawerengera tsiku lofika ndi lochoka, ndiye kuti simulinso wa pa ulendo kuyambira pamene mwafika. Za Lachisanu, ma ulama a Shafi'i amaletsa mwamuna kuyamba ulendo m'bandakucha utadutsa pokhapokha ngati akaipeza Jumu'ah m'njira. Chapafupi ndi kunyamuka Loweruka kapena Lolemba.

Qibla ya kuno kumpoto ili pafupifupi madigiri 10 kuchokera kumpoto kupendekera kuvuma. Mukaima dzuwa likutulukira kudzanja lanu lamanja, mwayang'ana kumpoto, ndiye mupendekere pang'ono chabe kumanja. Ana aphunzitseni kuipeza okha, mmodzi achite adhana, bambo atsogolere. Mabanja ambiri sapeza mpata woswali onse pamodzi kasanu pa tsiku chifukwa cha ntchito ndi sukulu, koma m'kanyumba kotere mpatawo ulipo.

Kwa eni kulibe mkuwe

Ife a kunyanja timadziwa ng'ona ndi mwera, koma nkhalango ili ndi malamulo akeake. Ku Kazuni mvuu zimatuluka usiku kudzadya udzu, nthawi zina pakati pa tinyumba pomwe, ndipo zimabwerera m'madzi m'bandakucha, nthawi yomwe ife timadzukira Swala ya Subh. Munthu asayerekeze kupita m'mphepete mwa madzi kukachita wudhu. Tungiranitu madzi m'ketulo madzulo, khalani ndi tochi, ndipo mwana asatuluke yekha kukada. Mvuu ikaona kuti mwaitsekera njira ya kumadzi imaluma. Njovu musaiyandikire, makamaka ya mwana, ndipo zipatso musazisiye panja. Kuyenda pansi m'tchire kumafuna mlonda wa m'paki.

Ku Vwaza kulinso ntchentche za kashembe zimene zimafalitsa matenda a kaodzera. Ntchentchezi zimakopeka ndi nsalu yakuda ndi yabuluu, n'chifukwa chake misampha yake imapangidwa ndi mitundu imeneyi. Alongo athu amene adazolowera buibui lakuda avale hijab yotuwa kapena ya mtundu wa khaki, yofika m'mikono ndi m'mapazi. Potero lamulo la Allah lasungidwa ndipo thupi latetezeka. Wina akatupa pamene adalumidwa, kapena akamva kutentha thupi ndi mutu m'masabata atatu mutabwerako, thamangirani kuchipatala ndipo muwauze adokotala kuti mudali ku Vwaza, chifukwa matendawa amayamba ngati malungo. Ali ndi mankhwala, koma kuchedwa kumapha.

Ku Nyika mdani ndi chisanu. M'miyezi ya June ndi July madzi amatha kuundana pa udzu usiku. Tengani majuzi, zipewa ndi masokosi a ana, ndipo madzi a wudhu muziwatenthetsa. Mbaula ya makala musagone nayo m'chipinda chotseka, utsi wake wosaoneka wapha anthu ambiri ali m'tulo. Kwa amene asankha tinyumba ta m'mbali mwa nyanja yathu, kumbukirani neti, pewani kusamba m'mabango ndi pa mathiriro a mitsinje monga North Rukuru ndi Lufilya, ndipo funsani ngati madzi sadafike pa kanyumbako, pakuti mu 2024 nyanja idakwera kwambiri ndi kumiza nyumba zambiri za alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota.

Ulemu kwa nyama ndi kwa eni dera

Msilamu saononga. Musathyole maluwa, musatole nkhuni kumene simudaloledwe, musasiye mapepala a pulasitiki, ndipo musataye moto pa udzu. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi nyama ya m'tchire yotsika mtengo, kanani. Nyama yogwidwa pa khwekhwe la waya n'kufera pomwepo ndi chibudu, ndi haramu, komanso ndi yakuba. Lamulo la nyama zakutchire monga lidakonzedwera mu 2017 limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu.

Tikumbukirenso kuti pamene Nyika idakulitsidwa mu 1978, mabanja ambiri adasamutsidwa kusiya minda ndi manda a makolo awo. Ana ndi zidzukulu zawo ndiwo amene mudzawapeze m'midzi ya m'mbali mwa msewu. Apatseni moni, gulani uchi, mbatata ndi matimati awo pa mtengo woyenera. Pa Nyika pali nyanja yaing'ono yachilengedwe ya Kaulime imene eni dera ankailemekeza pa chipembedzo cha makolo awo. Ife sitipereka nsembe kumeneko, koma sitinyozanso anthu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Nanga ndalama?

Ulendo wotere usadye fizi ya ana, usatsogole pa Zakaat kapena pa ngongole imene mwini wake akudikira, ndipo usayendedwe ndi ndalama ya katapila. Surat Al-Isra, ndime 26 ndi 27, ikudzudzula mwamphamvu omwaza chuma. Njira yabwino ndi kugwirizana mabanja awiri kapena atatu a pachibale, kusonkha pang'onopang'ono miyezi ingapo monga tichitira pa chipereganyu, kubwereka galimoto imodzi ndi kutenga tinyumba tiwiri, kena ka amayi ndi atsikana, kena ka abambo ndi anyamata. Ndalama yambiri imathera pa galimoto, ndiye mukaigawana mtolo umapepuka. Tchuthi chachikulu cha sukulu cha mwezi wa August chimagwa nthawi yabwino, misewu ili youma ndipo nyama zayamba kusonkhana pa madzi. Makomiti a madrasa nawonso angathe kukonza ulendo wa ophunzira amene akhoza bwino, ndi chilolezo cha makolo.

Masiku awiri kapena atatu ndi okwanira. Madzulo, foni zitazimitsidwa, bambo afotokozere ana mbiri ya Mtumiki Nuh (A.S.) ndi chombo chake, kapena ya Mtumiki Sulaiman (A.S.) ndi nyerere, agogo aimbe nthano za kwathu, ndipo aliyense atchule cholengedwa chimodzi chimene chamudabwitsa tsiku limenelo. Ana amaiwala nsapato zimene tidawagulira pa Eid, koma usiku umene adagona akumva mvuu zikulira kunja sadzauiwala, ndipo adzakumbukira kuti ngakhale kumeneko Swala sidadumphidwe.

Tikupempha Allah kuti atiteteze pa maulendo athu, atibweze kwathu ndi mtendere, aike chikondi ndi chifundo m'mabanja mwathu, ndipo atipange kukhala anthu oyamika zimene adatipatsa m'dziko lathu lino. Ameen.